Kadyeni vitumbuwa ku Kalikiliki, mukamve nyimbo bwinobwino

Abale anga, ndabwerako ku Lusaka, ndipo pakamwa panga sipakutsekeka! Anzanga a kuntchito ndawauza, a kutchalitchi ndawauza, tsopano ndafika kwa inu, ndipo mundimvere mpaka ndimalize chifukwa zimene ndakaona ku Kalikiliki si zoti munthu n'kusunga yekha mumtima. Si nyumba zosanja ayi, si mashopu akuluakulu a ku Manda Hill kapena East Park ayi. Ndi tinthu tiwiri timene tonsefe timatiyesa tamasewera: zotsekemera zogula m'mbali mwa msewu, ndi nyimbo za ku Zambia zomwe takhala tikuvina pamaukwati ndi kumvera m'maminibasi zaka zonsezi, tikumati tikuzimva.

Ndinene poyera, ndinapita ndi mtima wokayika. Ndinkati Chinyanja cha ku Lusaka ndi Chichewa chothyokathyoka, chongotola mawu apa ndi apo. Ndinkati nyimbo zawo n'zokoma kumapazi kokha, mawu ake ngopanda mutu. Za zakudya ndiye ndinkachita kunenetsa kuti kulibe chachilendo, pakuti chimanga n'chomwechi, mtedza ngomwewu, nthochi n'zomwezi, nanga malire a pa Mchinji angasinthe chiyani mumphika? Azakhali anga, amene anakwatiwa kumeneko ine ndisanabadwe, ankangoti pafoni, "Bwera mwanawe, udzaone wekha."

Ulendo wake ngwautali koma ngwosavuta. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa Mchinji ndi Mwami, pomwe chiyambire Disembala 2022 munthu umaima kamodzi kokha podinditsa pasipoti, kenako Chipata, Katete, Petauke, Nyimba pomwe amayi amathamangira basi ndi nthochi, mlatho wa Luangwa ndi fungo lake la nsomba zouma, mpaka Lusaka. Kalikiliki ali kum'mawa kwa mzindawo, kugundizana ndi Mtendere, ndipo ukangoponya maso uko ukuona mipanda italiitali ya ku Kabulonga ndi Ibex Hill. Msewu umene tinadzera, wodutsa pa Kalingalinga, dzina lake ndi Alick Nkhata. Msuweni wanga atandiuza kuti ameneyo anali woimba komanso woulutsa mawu pawailesi, amene anamwalira mu 1978, ndinachita kutembenuka pampando kuti ndiuonenso msewuwo. Msewu waukulu chonchi, dzina la woimba! Ndipo ku Kabwata kulinso wina wa Paul Ngozi. Kukayika kwanga kunayamba kugwedezeka pomwepo, tisanafike n'kunyumba komwe.

M'mawa mwake linandidzutsa ndi fungo. Mayo ine, fungo lake! Mafuta otentha, shuga, yisiti, utsi wa makala, zonse pamodzi kulowera pazenera. Ndinatuluka ndisanasukusule. Mayi wa nyumba yoyandikana ndi azakhali anali atakhala pakampando, mbaula patsogolo, pambali chidebe cha ufa wokanda chomwe anachifunditsa chitenje, ufawo utafufuma mpaka m'milomo. Amaviika dzanja m'madzi, kutapa, kufinya, ndipo kambulu koyera kamatulukira pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala n'kugwera m'mafuta, tswee! Kamira, kabwera pamwamba, katupa, kenako n'kudzitembenuza kokha, abale, kokha, popanda wokakhudza! Tina timakana, ndiye mayiyo amangotikankha pang'ono ndi chipande chobooka, tonse n'kufiira mofanana. Ana a sukulu anali atandanda kale, aliyense kandalama m'manja.

"Mwadzuka bwanji mayi? Mandasiwa mukugulitsa bwanji?" ndinatero.

Anandiyang'ana n'kumwetulira. "Imwe ndimwe ba ku Malawi, ai? Ivi ni vitumbuwa."

Vitumbuwa! Ndinati kapena khutu landinamiza. Chitumbuwa ine ndimachidziwa, ndakulira chimenecho: nthochi zakupsa kwambiri zija zoyamba kuda makoko, kuzikanya ndi ufa wa mgaiwa, kasoda pang'ono, kamchere, n'kukazinga timibulu tophwatalala, toderako, tolemera m'manja, totsekemera ndi nthochi yokhayo. Koma ichi chinali cha ufa wa tirigu, chozungulira, chopepuka, nthochi osanunkhamo n'komwe. Mandasi enieni! Ndinaluma chikadali chamoto, kunja kuli khwa, m'kati muli wofuwofu, nthunzi n'kutulukira m'mphuno, zala zili nyezinyezi ndi mafuta. Koma kukoma! Ndinagula china ndisanameze choyambacho.

Nkhaniyo itafika pakhonde pa azakhali, pomwe anthu a pabwalo limodzi amamwera tiyi, inakula ngati moto wa lupsa. Mayi wina wa ku Kasama anati kwawo amati ifitumbuwa, ndipo n'zomwezi za tirigu. Bambo wina amene amakaoda katundu ku Nakonde anapukusa mutu, nati mukawoloka kulowa mu Tanzania n'kuitanitsa vitumbua, akupatsani za ufa wa mpunga ndi madzi a kokonati, zophikidwa m'chiwaya cha timaenje, ndipo zatiriguzi kumeneko ndiye maandazi, dzina lomwe ife tinalitenga n'kulisandutsa mandasi. Mnyamata wina wokhalako ku Johannesburg anati uko ndi amagwinya, ena amati vetkoek. Tamvani zimenezo! Dzina limodzi, mayiko atatu oyandikana, ndipo m'dziko lililonse mukulandira chinthu china m'dzanja: kwathu nthochi ndi mgaiwa, ku Lusaka tirigu, ku Tanzania mpunga. Ine ndinkangotembenuza mutu uku ndi uku, tiyi kuzizira m'kapu.

Azungu ali ndi mwambo wawo wodya kanthu kotsekemera akamaliza chakudya. Ife tikatha nsima timasamba m'manja basi, zotsekemera zathu timadyera pamsewu, pamsika, pachipata cha sukulu, pamaliro usiku, m'basi. N'chifukwa chake mayina ake sakhala m'mabuku, amayenda pakamwa ndi anthu ogulitsa, ndipo akafika pamalo ena amakhazikika pa chakudya china. Zimenezi sindinaziganizirepo chibadwire, ndinazionera pakhonde limene lija.

Tsiku lina madzulo msuweni anati, "Tiye tikagule chiwaya." Mtima wanga unali kale pa tchipisi ndi kanyama kambuzi, pakuti kwathu ukati pachiwaya ndiye pamenepo. Eee, anabwera ndi kapepala ka chimanga chouma chokazinga, chosakaniza ndi mtedza, chamchere, cholimba, chochita kulira m'mutu ukamatafuna! Chimenecho ndiye chiwaya cha ku Lusaka. Mtedzawo akuti nshaba. Mbatata akuti kandolo, ndipo akaithira nsinjiro, chomwe ife timati futali, iwo amati aisashila. Chinangwa ambiri amachitchula m'Chibemba kuti tute, ndipo chootcha pambaula n'kudyera mtedza wokazinga, abale, ndiye musachite kufunsa. Malambe ndi mabuyu, ndipo amawasungunula ndi shuga n'kuumitsa mufiriji m'timapulasitiki monga timachitira kwathu, mwana akuyamwa pakona mpaka lilime kuchita dzanzi. Bwemba akuti kawawasha, ndipo ndinangomva dzinalo malovu n'kudzadza m'kamwa. Masuku okha ndiwo ndinawapeza ndi dzina lawo lomwelo, ndinachita kuwasekerera.

Nanga munkoyo! Apa ndiye ndiime pang'ono. Ndinkakana, ndinkati thobwa ndi thobwa basi, asinthe dzina asasinthe. Ayi ndithu, si chimodzi. Thobwa lathu timathira chimera m'phala kuti litsekemere. Munkoyo amathira mizu ya chitsamba chotchedwa munkoyo chomwecho, yosinja mpaka kukhala ngati luzi, ndipo mizuyo ndiyo imagwira ntchito ya chimera: phala lolimba lija limasungunuka, limasanduka madzi, limatsekemera lokha. Akasefa n'kulisiya ligone, limayamba kuwawasa pang'ono. Ndinamwa lozizira masana dzuwa lili phwee, kutsekemera kutsogolo, kuwawasa pambuyo, kenako kafungo ka muzu kotsalira kukhosi, kafungo kakutchire komwe sindinakamvepo m'chakumwa china chilichonse. Ndinapempha kapu ina. Azakhali nawo sanafune kugonja, anaphika chikondamoyo chakwathu, mgaiwa, nthochi, soda, mumphika wa makala pansi ndi pamwamba pa chivundikiro, ndipo mayi wina wa ku Chipata atangoona anafuula kuti chigumu, n'kuyamba kusimba za agogo ake. Mbale inabwerera yopanda ndi nyenyeswa yomwe.

Tsono nyimbo zinalowa bwanji m'nkhaniyi? Zinalowa zokha, chifukwa ku Kalikiliki sungatafune kanthu popanda nyimbo kukhutu. Kantemba kalikonse, tiokala tawo tija, kali ndi sipika yake. Wometa ali ndi yake, wowotcherera mageti ali ndi yake, minibasi ikudutsa ndi yake. Tili pakati pa vitumbuwa, panamveka nyimbo ya Mampi, mayi uja dzina lake lenileni ndi Mirriam Mukape, yotchedwa Walilowelela. Nonse mukuidziwa, tinaivina kwambiri kwathu kuno. Ine zaka zonsezi ndinkaimva ngati nyimbo yodandaula za munthu wolowerera, wotayika ngati mwana uja wa m'Baibulo, ndipo ndinkadabwa kuti chisoni chotere akuchiimbiranji mosangalala chonchi. Nditanena zimenezi, mayi wa ku Kasama uja anaika kapu pansi. Anati m'Chibemba ukulowa ndi kutsekemera, ndipo mutu wa nyimboyo ukuuza wokondedwa kuti ndiwe wotsekemera. Wotsekemera! Abale inu! Ndinamva tsitsi kuyenda. Nyimbo yomwe ija, ng'oma zomwe zija, koma inangotembenuka yonse m'mutu mwanga, kuseka kwa mawu a woimbayo kunapeza malo ake, ndipo shuga anali akadali m'zala zanga.

Kuyambira pamenepo sindinawapatse mpumulo. Msuweni anatulutsa foni, ndipo tinayamba ntchito imene sindinaichitepo: kuimitsa nyimbo pamzere uliwonse. Amaseweretsa pang'ono, kuimitsa, n'kunena kuti apa ndi Chinyanja, apa walowa m'Chibemba, apa ndi Chingerezi chopindidwa, apa ndi chinenero cha anyamata a pasiteji ya basi chimene ngakhale azakhali sachimva. Mzere umodzi zinenero zitatu! Ndipo si kusokoneza ayi, woimbayo amasankha. Pofuna kunyengerera atenga mawu uku, pofuna kunyoza atenga uko, pofuna kuti mawu agwirizane kumapeto adumphira kwina. Chimene ndinkachitcha kuthyokathyoka chija ndi luso, luso lenileni, la anthu okulira pabwalo limodzi ndi Abemba, Ansenga, Atonga, Alozi, Angoni ndi Achewa, onse kutunga pampopi umodzi.

Ya Dandy Krazy ndiye inandimaliza. Donchi Kubeba! Achinyamata akwathu akati chinthu chabeba ndiye kuti chakoma, chakongola, ndipo ine ndinkaiika m'gulu lomwelo la nyimbo zachisangalalo. Bambo wa ku Nakonde uja anaika chala pamilomo, onse pakhonde n'kuseka nthawi imodzi, ine ndekha osadziwa chomwe chikuseketsa. Anandimasulira: mawu oyambawo ndi Chingerezi choletsa, achiwiriwo ndi Chibemba, kuwauza. Osawauza! Inali nyimbo ya chisankho cha 2011, pamene Michael Sata wa chipani cha PF ankalimbana ndi Rupiah Banda wa MMD. Uthenga wake unali woti andale akabwera ndi zitenje, ndalama ndi zakudya, landirani, koma amene mukamuvotere musawauze. Chala pamilomo chinali chizindikiro chake. Pa 20 Sepitembala 2011 anthu anaponya voti, Sata n'kupambana, MMD n'kutuluka m'boma itakhalamo zaka 20. Ndiye taganizani, nyimbo imene inathandiza kusintha boma, ife tinkangoidumphira pamaukwati! Woimbayo, dzina lake lenileni Wesley Chibambo, anamwalira mu Januwale 2025 atachita ngozi ya pamsewu, ndipo pomutchula pakhonde paja mawu a anthu anatsika.

Zitatero agogo ena aamuna, amene nthawi yonseyi anali chete pampando wawo, anafunsa ngati ndikuidziwa A Phiri Anabwera ya Nashil Pichen Kazembe. Ndani saidziwa? Nyimbo ya m'zaka za m'ma 1970, ya munthu wokhalitsa kutali ndi kwawo amene pomaliza anabwerera ndi sutikesi yopanda kanthu. Ine ndinkaitenga ngati yoseka matchona. Agogowo anakana. Anati imeneyo si yoseka, ndi yolira, ndipo akaimva amaona anzawo amene anapita kumigodi ali anyamata n'kubwerera nkhope zokha. Azakhali anati ayi, ndi chenjezo kwa ana a m'tauni oiwala makolo. Msuweni anati onse awiri akunena zoona, koma pali gawo lachitatu: mu 2015 Pilato, amene dzina lake ndi Fumba Chama, anatenga nyimbo yomweyo n'kuikamo dzina la Pulezidenti Edgar Lungu, ndipo anamangidwa nayo. Nyimbo ya agogo, mdzukulu n'kukalowa nayo m'chitokosi! Kumapeto kwa 2017 anatulutsanso Koswe Mumpoto, khoswe mumphika, anthu n'kumva kuti akunena atsogoleri odya za anthu, ndipo ataopsezedwa anathawira ku South Africa kumayambiriro kwa 2018. Ndiye mumve izi: munthu yemweyo pambuyo pake anadzakhala mlembi wamkulu woona za luso mu unduna wa boma la Zambia. Ha! Ndinachita kuomba m'manja.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri si mbiri yokhayo, koma mmene anthuwa amakanganirana pa tanthauzo la nyimbo, mwaukali, mwachikondi, aliyense ndi umboni wake. Itafika Kapilipili ya JK, Jordan Katembula, katsabola kaja, khonde linagawanika. Azakhali anati n'zolaula zobisa, asaimbe pali ana. Msuweni anati ndi kuyamikira chabe mkazi wokongola. Mayi wa vitumbuwa, ali pambaula pake uko, anaponya lake: tsabola amakometsa ndiwo koma amaliza misozi, ndiye mwamuna amve zonse ziwiri. Palibe amene anagonja, palibenso amene anakwiya. Ndinakumbuka amayi athu pamtondo, akusinja akuimba nyimbo yoti mlendo ayese ndi ya nkhuku kapena ya mvula, pamene apongozi ali kuseri kwa nkhokwe akumva bwinobwino kuti akunenedwa ndi iwo. Kuphiphiritsa komwe kuja, kwa makolo athu, ndinakupeza kuli moyo m'sipika ya kantemba! Ife amene tinakula tikusanthula mawu a Lucius Banda mzere ndi mzere, tinalekeranji kuchita chimodzimodzi ndi nyimbo za anansi athu?

Chinenerocho tsopano ndimachimva ndi khutu lina. Pomwe ife timati zinthu iwo amati vinthu, n'chifukwa chake zitumbuwa zinasanduka vitumbuwa. Pomwe ife timalemekeza ndi a, iwo amati ba. Tsopano ndi manje. Kusukulu ana amaphunzira Cinyanja cha m'mabuku, cholembedwa ndi c wopanda h, chofanana kwambiri ndi chathuchi, chimene ifenso tinkachitcha Chinyanja mpaka 1968 pamene dzina linasinthidwa kukhala Chichewa. Koma cha mumsewu ndi china, chothamanga, chosaopa kubwereka, ndipo ndicho chimene Slapdee, mnyamata wokulira ku Matero, anachikweza n'kuchiika m'nyimbo za rap anthu ambiri akuyesa kuti rap ndi ya Chingerezi chokha. Yo Maps, amene amasakaniza Chibemba, Chinyanja ndi Chingerezi mosaphonya, anadzadza bwalo la National Heroes mu Meyi 2023 pokhazikitsa chimbale chake cha Try Again. Bwalo la mpira, woimba wa m'dziko momwemo! Ndipo agogo aja anandikumbutsa kuti mbewuyi inadzalidwa kale, m'zaka za m'ma 1970, pamene Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pawailesi zikhale za ku Zambia.

Ndisaiwale, nawonso amatimvera! Mnyamata wometa uja atadziwa kuti ndine wa ku Malawi anaimitsa makina, n'kuyatsa Linny Hoo ya agogo Giddes Chalamanda ndi Patience Namadingo, nati ndimumasulire mawu ena amene amamudutsa. Anati Chichewa chathu n'chozama, chimamveka ngati cha m'Baibulo, chimamukumbutsa ambuye ake a ku Katete. Ndinakhala pabenchi pake ndikumasulira, iye akugwedeza mutu, makasitomala akudikira osadandaula, ena akutsutsa kumasulira kwanga. Kukoma kwake kwa zimenezo, abale, sindingathe kukufotokozerani.

Ndiye ndikupemphani, anzanga, pitani. Amene muli ndi abale ku Kalikiliki, ku Mtendere, ku Chawama, ku Kanyama, ku George kapena ku Matero, lekani kungolankhulana nawo pa WhatsApp, kwerani basi. Mukafika musathamangire kumashopu a m'tauni. Dzukani m'mamawa, tsatani fungo la mafuta, gulani vitumbuwa vikadali vamoto, pemphani munkoyo wozizira, ndipo mutengeko nthochi pa Nyimba kuti mukawakazingire zitumbuwa zakwathu alaweko nawonso. Kenako khalani pakhonde, sankhani nyimbo imodzi ya ku Zambia imene mwaivina zaka zambiri, ndipo mufunse amene ali pafupi nanu kuti kodi imeneyi ikunena chiyani. Amene simungathe kupita chaka chino, funsani mnzanu wa ku Zambia amene mumagulitsa naye malonda pa Mchinji kapena mumapemphera naye ku Lilongwe. Funsani lero lomwe, chonde!